Mmene mungaugwirire mtima pa tinthu ta tsiku ndi tsiku

Zinthu zikuluzikulu ambirife timadziwa kuzipirira. Pamaliro timadekha, pangozi timathandizana, ntchito ikatha timakhala pansi n'kuyamba kuganiza kolowera. Chimene chimatilalatitsa pagulu ndi tinthu tosaoneka n'komwe: kondakitala amene wati chenji akupatsani kutsogolo kenako n'kumayang'ana kunja, wakabaza amene wakuwazani matope pa thalauza losita, mpopi wongotulutsa mpweya m'mawa wa Lolemba, munthu wolowerera pamzere wa kubanki ngati enanu simukuoneka, mwana wotaya chotsekera cha fulasiki. Palibe ndi kamodzi komwe koti kangaphe munthu. Koma tikaunjikana, pofika madzulo mumakhala mwakalipira anthu angapo, mutu ukuwawa, nsima simukuimva kukoma.

Si nkhani yopepuka ayi. Mu 1981 gulu la akatswiri a za maganizo la Richard Lazarus, ku yunivesite ya California ku Berkeley, linapeza kuti timavuto ta tsiku ndi tsiku timayenderana kwambiri ndi kusokonekera kwa maganizo a munthu kuposa zochitika zikuluzikulu za pa moyo. Mu 2014 ofufuza a ku Harvard, ataphatikiza zotsatira za akafukufuku angapo, anapeza kuti m'maola awiri otsatira kulusa koopsa, chiopsezo chodwala mtima mwadzidzidzi chimakwera pafupifupi kasanu, cha sitiroko kuposa katatu. Kwa mnyamata wathanzi chiopsezocho chimakhalabe chochepa. Kwa bambo kapena mayi amene ali kale ndi BP kapena shuga, n'kumalusa kangapo pa tsiku, ndi nkhani ina.

Ndinene msanga kuti malangizowa si oti mukhale munthu wopondedwa ndi aliyense. Chenji chanu ndi chanu. Cholinga n'chakuti muzisankha nokha poti mulankhule ndi mmene mulankhulire, pakamwa pasamakutsogolereni.

Yambani ndi kudziwa tinthu tanu

Aliyense ali ndi pake pamene pamamupweteka. Wina phokoso salilabadira koma kudikira kumamupha. Wina angadikire tsiku lonse, koma mukangomudula mawu, basi mwamuputa. Choncho kwa sabata imodzi, nthawi iliyonse imene mwapsa mtima, lembani mzere umodzi m'foni kapena kumapeto kwa kope: inali nthawi yanji, chinachitika n'chiyani, munali mutadya kapena ayi, munagona bwanji usiku wake. Musalembe nkhani yaitali, komanso musadziweruze.

Sabata ikatha, werengani. Mudzaona kuti si dziko lonse limene likukulakwirani. Ndi tinthu titatu kapena tinayi tomwe timangobwerabwera, kawirikawiri pa nthawi yomweyomweyo. Kwa wina ndi m'mawa pochoka ku Zolozolo kapena ku Chibavi kuno ku Mzuzu nthawi itatha kale. Kwa wina ndi cha m'ma 1 koloko masana, m'mimba mulibe kanthu. Kwa ambiri ndi sabata yomaliza ya mwezi. Chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu yakhala ikungokwera, ndipo munthu amene thumba lake lapepuka sachedwa kuona mbava paliponse pamene pasowa K200. Kudziwa zimenezi sikudzaza thumba, koma kumakuthandizani kuzindikira kuti mayi wogulitsa tomato si amene wayambitsa mkwiyo wanu. Mwafika nawo kale pa benchi yake.

Kenako tsekani mipata usiku

Zambiri mwa zokwiyitsa za m'mawa zimatha ndi ntchito ya mphindi zochepa musanagone. Tungani madzi m'chigubu ngakhale mpopi ukutuluka bwinobwino. Tchajani foni ndi kusita zovala magetsi akadalipo. Sungani ndalama zing'onozing'ono zokwerera, chifukwa kupereka K5,000 m'minibasi ya 6 koloko m'mawa, kondakitala asanatolere kanthu, n'kudziputira nokha mkangano. Muzikhala ndi ambulera m'chikwama: mvula ya kuno imapitirira mpaka mu Epulo ndi Meyi kwina itasiya kale, ndipo mu Juni ndi Julayi kamvula kowaza kamabwera kosalonjera. Wakabaza mugwirizane naye mtengo musanakwere. Minibasi imanyamuka ikadzaza, sidziwa kuti inu mwachedwa, ndiye chokani panyumba mphindi 15 nthawi yanu ya masiku onse isanakwane. Munthu amene ali ndi nthawi yotsala amaseka zinthu zimene wochedwa amazitukwanira.

Idyani kenakake m'mawa, ngakhale mbatata imodzi kapena nthochi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo wosagona mokwanira sachedwa kupsa mtima. Khofi wathu wa kuno ndi wokoma, palibe wotsutsa, koma theka la kafini wake, chimene chimachotsa tulo chija, limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Kapu ya madzulo imakulandani tulo, amene amavutika nazo ndi ana m'mawa.

Chinanso chokonzeratu ndi mawu. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti munthu amene wakonzeratu kuti "chakuti chikachitika, ndichita chakuti" amakwanitsa zimene akufuna kuposa amene wangoti "ndiyesetsa". Tengani tinthu tanu ta m'kope tija, kalikonse mukapezere yankho lake mtima uli m'malo. "Munthu akandilowerera pamzere, ndipuma kaye, kenako ndinena kuti: pepani bambo, mzere wayambira uko." "Netiweki ikavuta ndili kwa ejenti, ndipita kukagula ndiwo n'kubweranso." Nenani mawuwa mokweza kangapo muli nokha. Zimaoneka zachibwana, koma mkwiyo ukafika simukhala ndi nthawi yopeka mawu abwino. Mumatola amene ali pafupi.

Mverani thupi

Mkwiyo umayamba m'thupi mawu asanafike pakamwa. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kakaona ngati pali choopsa, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, magazi amathamangira ku minofu. Thupi likukonzekera ndewu kapena kuthawa, ndipo silisiyanitsa kwenikweni pakati pa galu wolusa ndi munthu amene sanakuyankheni moni. Pa nthawi imeneyo mbali ya ubongo yoganiza mofatsa, ya kutsogolo kwa mutu, imagwira ntchito mofooka.

Pezani chizindikiro chanu choyambirira. Ena nsagwada zimalimba, ena makutu amatentha, ena amangozindikira afumbata nkhonya kapena akugwedeza mwendo. Ena liwu limayamba kukwera lokha. Mukangochimva, dziuzeni chamumtima kuti "ndayamba kupsa mtima". Mawu ochepawa amakubwezerani pa mpando wa dalaivala mphindi isanakuthaweni.

Tsekani pakamwa, tulutsani mpweya

Masekondi oyambawa ndi amene amagamula zonse. Musanene kanthu. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Bwerezani kasanu, zonse zimangotenga mphindi imodzi. Chofunika kwambiri ndi kutulutsako. Mtima umatsitsa liwiro pamene tikutulutsa mpweya, ndiye mukatalikitsa kutulutsa mumakhala mukuuza thupi kuti ngozi palibe. Tsitsani mapewa, tambasulani zala, lekanitsani mano. Ngati muli chiimire ndipo pali pokhala, khalani. Ngati pali mpata wochoka, chokani. "Ndibweranso" ndi mawu okwanira.

Palibe amene angadziwe kuti mukuchita zimenezi. M'minibasi yothinana, thumba la mbatatesi la mnzanu lili pamiyendo panu, mukhoza kupuma chonchi mukuyang'ana pawindo. Koma muyambe kuyeserera pamene zinthu zili bwino, podikira madzi a tiyi kuti awire kapena musanagone. Chimene thupi silinazolowere silingachikumbukire pa nthawi ya mkangano.

Ena amati ukakwiya uzitulutse, umenye chinachake, ukuwe, ukathamange. Umboni ukukana. Mu 2002 katswiri wa za maganizo Brad Bushman anakwiyitsa dala ophunzira a pa koleji 600. Ena anawapatsa thumba la ankhonya kuti alimenye akuganizira munthu amene wawakwiyitsa, ena anangowakhazika chete kwa mphindi ziwiri. Omenya thumba aja anatuluka ali okwiya kuposa ongokhala aja. Mu 2024 iye ndi Sophie Kjærvik anaunika akafukufuku 154 okhudza anthu oposa 10,000, n'kupeza kuti zoziziritsa thupi, monga kupuma mozama ndi kusinkhasinkha mwakachetechete, ndi zimene zimatsitsa mkwiyo. Kuthamanga kunkauwonjezera, ngakhale kuti masewera a mpira ankathandizako. Ndiye kumenyetsa chitseko n'kungowononga katundu wa landilodi.

Siyanitsani chochitika ndi nkhani imene mwawonjezerapo

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndiye tiyeni tione pafupi. Mwakwera ku Luwinga, mukupita m'tauni. Mwapereka K5,000. Kondakitala waipinda m'litali, wailowetsa pakati pa zala pamodzi ndi zinzake, wati "ndikupatsani kutsogoloku". Galimoto ikuyenda. Wabweza chenji cha mayi wa kumbuyo kwanu, wabweza cha mnyamata wa yunifolomu, kwa inu zii. Kenako wanena kenakake m'Chitumbuka kwa dalaivala, onse awiri aseka.

Chochitika chenicheni n'chimodzi: chenji simunalandirebe. Koma tamvani zimene mutu wapanga m'kanthawi kochepako. "Wandiona kuti ndine wobwera. Wamva Chichewa changa. Akundiseka. Akufuna andidyere. Anthu amandiderera chonchi paliponse, ngakhale kuntchito." Chikukuotchani si ndalama ija. Ndi mawu oti "akundiderera". Mukayang'anitsitsa m'kope muja mudzapeza kuti pansi pa tinthu tambiri pali mawu amenewa kapena achibale ake: sakundilemekeza, wachita dala, akundiyesa chitsiru.

Chizolowezi chimenechi akatswiri amachidziwa, ndipo Lee Ross anachifotokoza mu 1977: munthu wina akachita chinthu, timathamangira kunena kuti ndi khalidwe lake, n'kuiwala zimene zamuzungulira. Pa ife eni timaweruza mwachifundo. Inu mukachedwa, ndi mvula. Mnzanu akachedwa, ndi mwano.

Mankhwala ake ndi kantchito ka m'mutu. Pezani zifukwa zina ziwiri kapena zitatu zimene zingakhalepo. Mwina alibe ma K1,000 okwanira, akudikira okwera pa siteji yotsatira. Mwina wayamba ndi a chenji chochepa chifukwa n'chosavuta kuwerenga. Mwina akuseka za mpira wa dzulo. Simukukakamizidwa kukhulupirira zifukwazi. N'kutheka ndithu kuti akufuna kukudyerani. Akondakitala otero alipo, tonse timawadziwa. Koma mukangovomera kuti nkhaniyi ingamveke m'njira zingapo, mtima umatsika, ndipo chenji chija mumachifunsa monga munthu wofuna ndalama yake, osati wobwezera chipongwe.

Kwa ife olankhula Chichewa okhala mumzinda umene ambiri amalankhula Chitumbuka, msampha uwu ndi wa tsiku ndi tsiku. Chilankhulo ukapanda kuchimva bwino, pakangomveka kuseka mtima umathamangira kuti akunena iwe. Kawirikawiri anthu amakhala ali pa zawo: mtengo wa feteleza, ukwati wa Loweruka, mizere ya mafuta. Kuphunzira moni ndi mawu a pamsika a Chitumbuka kumachotsa kukayikira kochuluka, ndipo amayi a mumsika akamva mukuyesa, nthawi zina amakuikiraninso kapulaizi.

Njira ina imene imathandiza ena ndi kudzilankhula ngati mukulangiza mnzanu. Dzitchuleni dzina chamumtima n'kufunsa kuti "kodi iwe, chakupweteka kwenikweni apa n'chiyani?" Malangizo amene timapatsa anzathu amakhala anzeru kuposa amene timadzipatsa tokha titatentha.

Yezani: n'chotaya kapena n'cholankhula?

Mtima ukatsikako, dzifunseni ngati mawa nthawi ngati ino mudzakhala mukuzikumbukirabe. Zambiri zimagwera pomwepo. Kenako onani ngati amene ali patsogolo panuyo angathe kusintha kanthu. Mtsikana wa pa kauntala si amene wagwetsa netiweki. Wothira mafuta si amene amawaitanitsa kunja. Mlonda wa pageti sanalembe lamulo loti ofesi itsekedwe masana. Kukalipira amenewa n'kumenya wofooka chifukwa wamphamvu simungamufikire, ndipo mzere sufupika.

Ine ndimaona kuti zokwiyitsa sizifanana. Zina zilibe woti mungamugwire: mvula, matope, magetsi ozima nsima ili pamoto. Apa yatsani mbaula basi. Zina wachita ndi munthu wongodutsa, kamodzi kokha: wakupondani phazi ku msika wa Taifa, wakudulani ndi galimoto ku Katoto. Izi n'zotaya, pokhapokha ngati pali ndalama kapena chitetezo cha munthu. Koma zimene zikuchitika mobwerezabwereza ndi munthu amene mumakhala naye, mnzanu wa kuntchito, neba, mlamu, musameze. Kumeza si kudekha. Womeza amasunga, ndipo tsiku lina amadzaphulika pa nkhani ya supuni, anthu n'kumadabwa kuti walowa chiyani.

Ganiziraninso kukula kwa mzinda wathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu. Ndi mzinda ndithu, koma tonse timakumana m'malo omwewo: kudepoti, kumsika waukulu, kuchipatala, kumaliro. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mayi amene mwamulalatira pamzere lero akhoza kukhala mphunzitsi wa mwana wanu, namwino amene adzakulandireni usiku, kapena mlongo wake wa landilodi.

Ngati n'cholankhula, lankhulani chonchi

Motsitsa mawu, mwaulemu, ndipo nenani ziwiri zokha: chimene chachitika ndi chimene mukufuna. M'minibasi muja musadikire kufika. "Akondakitala, ndinakupatsani K5,000 ku Luwinga, ndikutsika pa depoti. Mundikonzeretu chenji changa." Mwanena anthu akumva, mwatchula ndalama, simunamutche wakuba. Akazengereza, bwerezani mawu omwewo ndi liwu lomwelo, ndipo musatsike musanalandire. Nthawi zambiri okwera anzanu amakhala mbali yanu. Mukangotukwana amasanduka oleretsa, nkhani n'kuchoka pa chenji kupita pa khalidwe lanu.

Kwa neba wa wailesi yofuula, musapite usiku womwewo mutavala zogonera. Pitani mawa lake masana, perekani moni wokwanira, funsani za ana, kenako: "Aneba, ndabwera ndi kapempho. Wailesi ija usiku ikumamveka mpaka kuchipinda kwa ana, ndiye akumadzuka 5 koloko kukonzekera sukulu. Mungamatsitseko ikakwana 9?" Mwawapatsa njira yovomerera popanda kuchita manyazi. Zikakanika kawiri katatu, m'pamene mungapite kwa landilodi kapena kwa amfumu a m'dera lanu.

Pali mawu oyenera kuwasiya kunja. "Nthawi zonse mumatero" ndi "simumamva" amachititsa munthu kuyamba kudziteteza m'malo momvera. "Anthu inu" ndi oopsa kuposa onse, chifukwa amachotsa mlandu pa munthu mmodzi n'kuuika pa mtundu wake wonse, ndipo mumzinda wa Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Angoni, Achewa ndi ena ambiri, mawu amenewo amayatsa moto woti nokha simungauzime. Makolo a munthu, sukulu yake, ntchito yake, zisiyeni. "Ukudziwa kuti ndine ndani?" sanabwezetsepo chenji cha munthu, amangoseketsa minibasi yonse. Dziwaninso kuti malamulo a dziko lino amaletsa kutukwana munthu m'njira yoti ingayambitse chisokonezo, moti nkhani ya K500 ikhoza kukathera kupolisi.

Pafoni

Ambiri timagwera apa chifukwa nkhope ya mnzathu sitiiona. Uthenga wolembedwa ulibe liwu. "Chabwino" yemweyo akhoza kukhala wamtendere kapena wonyanyala, ndipo wowerenga atatopa amasankha woipayo. Timizere tiwiri ta buluu pa WhatsApp timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Mwina munthuyo ali m'kalasi, mwina bandulo yamuthera atangowerenga.

Mukakwiya, lembani yankho lanu kwina, osati pamalo potumizira, ndipo muliwerengenso pakatha ola limodzi. M'gulupu ya banja, ya mpingo kapena ya banki m'khonde, dikirani mpaka mawa. Voisi noti musajambule n'komwe. Liwu lokwiya limayenda mpaka kwa anthu amene simukuwadziwa, ndipo ngakhale mufufute, wina amakhala atasunga kale. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kusowetsa munthu mtendere kudzera pa foni ndi pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba. Ngati nkhaniyo ndi yofunika, imbani, kapena pitani mukaonane maso ndi maso.

Pakhomo

Chomvetsa chisoni n'chakuti mkwiyo wa m'tauni umakatsikira kunyumba. Abwana simunawayankhe, kondakitala munamulekerera, ndiye zonse zimakagwera mwana amene wakuthamangirani ndi manja amatope, kapena mtsikana wantchito amene wapsereza ndiwo pang'ono. Ikani kampata pakati pa tauni ndi khomo lanu. Tsikani siteji imodzi musanafike n'kuyenda pang'onopang'ono. Mukalowa, sambani kumaso, sinthani zovala, imwani madzi. Ngati tsiku linali lolemera, nenani poyera: "Mayi a ana, lero zandivuta. Mundipatse mphindi 10 ndikhale kaye, kenako ticheza." Mayi nayenso anene chimodzimodzi kwa bambo, pakuti wochokera kumsika kapena kuofesi ndi wotopa mofanana. Ana amamva mawu otere, ndipo amatengera.

Mwana akaswa kapu, yesani ichi. Ganizirani kuti waswa ndi mlendo, abusa kapena apongozi. Mukanadzuka msangamsanga, "aaa, musadandaule, inali yong'aluka kale", n'kutenga tsache nokha. Ndiye kuti luso lougwira mtima muli nalo kale, mumangolisungira alendo. Mwana safunika kumunamiza kuti kapu inali yakale. Muuzeni atenge tsache, mumuonetse katoledwe ka zidutswa osadzicheka, ndi kagwiridwe ka kapu ndi manja awiri. Malangizo amalowa bwino mawu ali pansi.

Musaibwereze nkhaniyo

Zachitika 7 koloko m'mawa kwa mphindi imodzi, koma mwafotokozera a muofesi, mwaimbira achemwali anu, mwalemba pa Facebook, ndipo usiku muli pabedi mukupekabe zimene mukanamuyankha. Nthawi iliyonse imene mukuzibwereza, thupi limatenthanso ngati zikuchitika kumene. Fotokozerani munthu mmodzi, kamodzi, ndipo musankhe wokuziziritsani, osati uja amati "ndikanakhala ine ndikanamuonetsa". Maganizo akabweranso, patsani manja ntchito: tsukani mbale, palirani m'dimba, sewerani bawo, imbani nyimbo ya kukwaya. Opemphera, apa ndi pamalo pake.

Mukaphonya

Tsiku lina pakamwa padzathamanga ndithu. Pepesani msanga, mosazungulira, ndipo mawu oti "koma" asalowemo. "Pepani achemwali, ndinakukalipirani pagulu, sizinayenere" ndi kupepesa. "Pepani, koma nanunso munandiputa" ndi kuyambitsanso mlandu. Ngati pali nkhani yeniyeni yoti mukambirane, ikambeni padera tsiku lina. Kupepesa mwana kapena wantchito sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu. Mukatero lembani m'kope muja kuti inali nthawi yanji ndipo munali mutadya kapena ayi.

Pamene si kanthu kakang'ono

Zonsezi ndi za tinthu tating'ono. Kumenyedwa, kuopsezedwa, kutukwanidwa tsiku ndi tsiku m'banja kapena kumanidwa malipiro si zongopumira mpweya n'kuiwala. Za nkhanza pitani ku Victim Support Unit ya polisi, za malipiro ku ofesi ya zantchito.

Dziyang'aneninso nokha. Ngati mwayamba kuswa zinthu kapena kukweza dzanja, ngati a m'nyumba mwanu amangoti zii inu mukalowa, ngati mkwiyo ukukula mukamwa mowa, kapena wabwera pamodzi ndi kusowa tulo, kusafuna chakudya ndi kutaya chidwi pa zimene munkakonda kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kupuma mpweya pakokha sikukwanira. Kukwiyakwiya nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda a nkhawa kapena a kukhumudwa, amene abambo ambiri amawabisa, ndipo matendawa amachizika. Kuno ku Mzuzu a St John of God amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo, ndipo ku Mzuzu Central Hospital nakonso mukhoza kufunsa. Mukapita, pemphani kuti akuyezeninso BP ndi shuga, ndipo tengani kope lija mukawaonetse.